Mutu 4: Ednah pa Chitunda cha Anyani

1. Mawu a m'dimba

Ednah Njobvu anali mtsikana wa giredi teni, wamtali ndi wa miyendo yolimba. Kwawo kunali ku Kanakantapa, kumene atate ake, a Jabulani Njobvu, ankalima chimanga m'dzinja ndi tomato m'chilimwe. Chiyambire ali wamng'ono, iye ndiye ankatumidwa pa njinga yaikulu ya pakhomo: kuchigayo, kokagula mankhwala a mbewu, kokasiya makireti a tomato kumsewu. Anyamata a kusukulu kwawo anali atasiya kale kupikisana naye.

Panyumbapo panalinso njinga ina. Inali yofiira, ya matayala oonda ngati chala, ndipo mahandulo ake anali opindikira pansi. Inkakhala yopachika m'chipinda chosungira chimanga. Mwini wake anali Mervin, mlongo wake wamkulu wa Ednah.

Kale Mervin ankapikisana pa njinga. Tsiku lina, akukwera Chitunda cha Anyani m'mapiri a kuseri kwa Chongwe, anagwira kumbuyo kwa lole kuti imukoke. Loleyo inakhota mwadzidzidzi pothawa dzenje, ndipo Mervin anagwa. Mwendo wake wamanzere sunawongokenso. Tsopano ankayendera ndodo, ndipo ankakonza njinga za anthu pansi pa mtengo wa mango kumaso kwa nyumba.

Sabata imeneyo kusukulu kunabwera mayi wina dzina lake Inutu, mphunzitsi wa kagulu ka opalasa njinga. Ana ankangowatcha ba kochi. Iwo ananena kuti Loweruka adzayesa achinyamata pa msewu wa kumapiri. Anayi oyamba kufika pamwamba pa Chitunda cha Anyani adzalowa m'timu yopita ku mpikisano wa masukulu.

Lachisanu madzulo Ednah ndi atate ake ankathirira tomato m'dimba. Ednah anadikira kuti afike kumapeto kwa mzere, ndipo anayamba.

"Atate, mawa nifuna kupita ku Chongwe. Ba kochi ayesa anthu a timu."

"Pa msewu uti?" anafunsa a Njobvu, osatembenuka.

"Wa kumapiri. Mpaka pa Chitunda cha Anyani."

A Njobvu anaika keni yawo pansi. Anapukuta manja pa buluku, nakhala pa mgolo wa madzi.

"Nawenso ika keni, unimvere," anatero. "Msewu uja ine niudziwa. Anthu amautama kuti ni wabwino, wa mitengo, wa zii. Zoona, ni wa zii. Ukagwa palibe amamva. Mlongo wako anagona m'mphepete mwa msewu wa tala mpaka dzuwa kupendeka, anzake onse atapitirira. Anamupeza ni mai wina wogulitsa masuku. Ine ninafika nampeza sanenanso kanthu, akungoyang'ana kumwamba.

"Nayenso ananiuza zimene ufuna kuniuza iwe. Ati, Atate nizasamala. Mwana aliyense amasamala akali pakhomo. Koma chitunda chija chikakugwira, chifuwa chikamapsa, anzako akamakusiya, lole imafika pambali pako ikuyenda ngati nkhalamba. Pamenepo dzanja limapita lokha. Silifunsa mutu. Mervin sanali wopusa, anali wotopa chabe. Ninapereka kale mwendo umodzi ku msewu uja. Sinizaperekanso wina."

Ednah anamvera mpaka kumapeto, maso ali pansi. Kenako anawakweza.

"Atate, amene anagwira lole ni ba Mervin. Si ine."

"Magazi ni amodzi."

"Mumanituma kumsewu waukulu na makireti kumbuyo, malole akudutsa pafupi na chigongono changa. Pamenepo simuopa."

"Ija ni ntchito. Iyi ni masewera."

"Kwa ine si masewera."

"Nakana," anatero a Njobvu, natola keni yawo.

"Namva kuti mwakana, Atate," anatero Ednah mosakweza mawu. "Koma nizapita. Nakuuziranitu kuti musazakambe kuti ninathawa."

A Njobvu anamuyang'ana kwa nthawi. Kenako anatunga madzi ndi kuyamba mzere wina.

2. Njinga itsitsidwa

Loweruka m'mamawa a Njobvu anakweza makireti a tomato pa galimoto yopita ku msika wa ku Lusaka. Pochoka sananene kanthu za njinga. Ankakhulupirira kuti mawu a dzulo aja anakwana.

Fumbi la galimoto lisanathe, Ednah anali atafika kale pansi pa mtengo wa mango. Anapeza Mervin atatembenuza njinga yofiira ija, matayala kumwamba, akudontheza mafuta pa tcheni. Nthawi zambiri, atate awo akachoka, Mervin ankamulola Ednah kuizungulitsa pabwalo ndi kumuphunzitsa kusintha magiya. Koma inali isanatulukepo pa geti chichitikire ngozi ija.

"Ba Mervin, simuopa atate?"

"Niwaopa," anatero Mervin. "Koma njinga ni yanga. Mabuleki naika atsopano. Pa chitunda usayambe na mphamvu. Ika giya yopepuka, khala pansi, uyang'ane tayala lako. Ukayang'ana kumwamba mtima uzafooka."

Anamupatsa chisoti chake chakale, chokalika mbali imodzi. Za lole sanatchule. Anangogunda mwendo wake wolumala uja ndi ndodo, namuyang'ana mlongo wake m'maso.

Amai awo, a Rosaria, anali ataima pakhomo la khitchini, akuona zonse.

"Ednah, bwera kuno," anaitana. "Ine sinikamba za malole. Nikamba za nyumba ino. Atate ako si munthu woipa. Nthawi ija Mervin ali m'chipatala, anasiya kudya, anasiya kuseka, munda unamera udzu. Ni iwe unawabwezera mtima, pamene unayamba kuwathandiza m'dimba. Lero ukatuluka pa geti ilo, uzawabwezera kumene anachoka. Anthu a kutchalitchi azakamba kuti mwana wa Rosaria wavala kabudula pakati pa anyamata pa msewu. Zimenezo ningapirire, anthu salema kukamba. Chimene sinizapirira ni kuona mwamuna wanga atakhala pa mpando, maso ku msewu, akudikira uthenga. Ganiza bwino, mwana wanga. Chaka chamawa chiliko."

"Chaka chamawa azakananso, Amai," anayankha Ednah. "Na chinacho. Nizakalamba nikunyamula makireti, osadziwa ngati ninali na mphamvu kapena ayi. Akaimba foni, muwauze zoona. Muwauze kuti napita."

A Rosaria analowa m'khitchini. Ednah anaganiza kuti akwiya. Koma anatulukanso ndi mbatata ziwiri zophika, nazilowetsa m'thumba la jezi yake mwaukali, ngati akumulanga. Kenako anabwerera m'kati ndi kutseka chitseko.

3. Pa mlatho wa Chongwe

Msewu wochokera ku Kanakantapa ndi wafumbi ndi wamiyala, ndipo matayala oonda saukonda. M'malo ena Ednah ankatsika ndi kukankha. Pofika pa mlatho wa Chongwe, pamene anagwirizana kukumana, miyendo yake inali yofiira ndi fumbi mpaka m'mawondo.

Achinyamata anali ochuluka ndithu, koma atsikana anali owerengeka. Pakati pawo panali mnyamata wina wa ku Silverest dzina lake Jordan. Anavala jezi yoyera ndi magolovesi oyera, ndipo njinga yake inali yopepuka moti ankainyamula ndi dzanja limodzi poonetsa anzake. Pambali pake panali mnzake, Eugene, amene ankaseka chilichonse chimene Jordan wanena.

"Sisi, shani, muli bwanji," anatero Jordan, amene ankamuona kumsewu ndi makireti, akuyang'ana njinga yofiira ija. "Iyi mwaifukula kuti? Nanga tomato mwaisiya pati?"

Eugene anaseka. Ednah anamanga lamba wa chisoti pansi pa chibwano.

"Tikambilana pamwamba," anatero.

Ba Inutu anaomba m'manja, ndipo onse anatchera khutu. Anali mayi wamfupi, wouma thupi, wa chipsera chachitali pamkono.

"Mvelani, bana banga," anayamba. "Tichoka pano na msewu ukulu. Mukapitilila mafamu, muzakonekela kumanja. Apo niye payambila msewu wa kumapili. Mamotoka ni yang'ono, koma musapusike. Malole ya malasha yamaukonda, cifukwa ukapitilila phili umatulukila ku Lusaka cakumbuyo. Muzangena mu sanga, muzaseluka mpaka pa kamulonga, elo muzayamba kukwela. Ine nizankala pamwamba. Motoka ya kagulu izabwela kumbuyo kwa womaliza.

"Pakati apo kulibe wokuonani. Ndiye pamene nifuna kumuzibani. Ngati walema, seluka ukanke njinga, si manyazi. Ngati munzako wagwa, imilila. Koma aliyense wogwila lole, olo na cala cimozi, asabwelenso kuli ine. Ine naikako bantu m'manda cifukwa ca mcitidwe uyo. Driva sakuona. Akamanga buleki, nkope yako ili pa cisulo. Akakoneka, uli pansi pa tayala. Sinifuna wofika woyamba. Nifuna wofika wamoyo, na mendo yake yeka. Mwamvela?"

"Tamvela, ba kochi," anayankha onse. Jordan anayankha mokweza kuposa ena.

Ba Inutu anakwera njinga yamoto ndi kutsogola. Woyendetsa galimoto ya kagulu anaimba wezulo, ndipo ulendo unayamba.

4. M'nkhalango

Pa msewu waukulu Ednah anatsalira. Anyamata ankadziwa kuyenda mondondozana kuti wa patsogolo awatchingire mphepo. Iye sanazolowere zimenezo, ndipo mphepo yonse inkathera pa chifuwa chake. Pokhotera kumanja, jezi yoyera ya Jordan inkaoneka patali ngati kambalame.

Koma msewu wa kumapiri unali wina. Phokoso la mabasi linatsala kumbuyo. Minda inatha, nyumba zinatha, ndipo nkhalango inayamba mbali zonse ziwiri. Unali mwezi wa Seputembala, nthawi imene miombo imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe. Mapiri onse anali ofiirira ngati apakidwa katondo. Pansi pa mitengo udzu unali utapsa ndi moto wolusa, ndipo timasamba tobiriwira tinkatuluka m'phulusa. Kunkamveka kulira kwa njiwa ndi kusisita kwa matayala pa tala, basi.

Apa msewu unkakwera ndi kutsika. Pa chikweza chilichonse Ednah ankapeza wina akupuma movutika, namudutsa. Miyendo yozolowera makireti inkaona njinga yofiira ija ngati yopanda kanthu. Anadutsa mtsikana wina amene tcheni chake chinavuka, nafunsa ngati ali bwino. Mtsikanayo anakweza dzanja kuti apitirire.

Anatsetsereka mpaka pa kamtsinje kouma, zala zili pa mabuleki. Kutsidya kwa kamlatho, msewu unaimirira. Ichi ndicho Chitunda cha Anyani. Chimakwera mokhotakhota pakati pa matanthwe ndi misuku, ndipo ukaganiza kuti chatha, umapeza kuti kuseri kwa khona chikupitirira.

Ednah anaika giya yopepuka, nakhala pansi, maso pa tayala. Pa khona lachiwiri anapeza Jordan ndi Eugene. Anali atayamba ndi mphamvu zonse, ndipo tsopano njinga zawo zinkadzandira uku ndi uku. Anawadutsa. Patsogolo pake panatsala anyamata awiri okha a ku Nkomeshya, amene anali atapita kale patali. Ednah anali wachitatu.

Chitunda chinayamba kumugwira. Chifuwa chinkaotcha. Thukuta linkalowa m'maso, ndipo mnofu wa kumbuyo kwa mwendo unayamba kukoka. M'kamwa munali mouma ngati wadya ufa.

Pamenepo anamva kulira kwa injini kumbuyo. Lole ya malasha inali itatulukira m'kanjira ka m'tchire. Inadzaza matumba a makala mpaka kupendekera mbali imodzi, ndipo inkakwera pang'onopang'ono, ikulavula utsi wakuda. Ednah anapatukira kumphepete kuti idutse.

Mutu wa lole unadutsa. Matayala apakati anadutsa. Kumbuyo kwake kunali Jordan ndi Eugene, aliyense atagwira chingwe chomangira matumba ndi dzanja lamanja, miyendo itangoti phee pa mapedulo.

"Gwila, sisi, malo yaliko," anatero Jordan akuseka. "Kulibe azaona. Olo ufuna kufela pano?"

Nsonga ya chingwe china inkalendewera pafupi ndi phewa la Ednah. Inali pafupi kwambiri moti inamukhudza pamkono. Loleyo inkayenda liwiro lomwe iye ankayenda. Ednah anadzidzimuka ataona kuti dzanja lake lamanja lachoka kale pa handulo, ndipo lili m'mwamba. Sanalitume. Atate ake ananena zoona.

Analibweza mwamphamvu moti njinga inagwedezeka. Anafinya handulo mpaka zala zinachita dzanzi.

"Sinigwira," anatero, mawu akutuluka ndi befu. "Pitani."

"Uzalila pamwamba," anatero Jordan.

Lole inakhota pa khona ndi kuwatenga onse awiri. Utsi unatsala ukuyandama pakati pa mitengo, kenako msewu unakhalanso zii. Pa thanthwe lina panakhala anyani, akukanda m'mimba, akumuyang'ana. Tsopano Ednah anali wachisanu, ndipo malo anali anayi.

Akanatha kutsika ndi kukankha, poti mpikisano unali utamuthera. Sanatsike. Anaimirira pa mapedulo, naponda. Anakhalanso pansi, naponda. Mnofu utakoka, anakukuta mano ndi kupondabe. Anadutsa khona lina, ndi lina, mpaka anaona njinga yamoto ya ba Inutu itaimikidwa pansi pa mtengo wa mpundu.

5. Pamwamba

Pamwamba pa chitunda pamaomba mphepo yozizira. Ukaima pamenepo umaona mapiri atandandalikana mpaka kumene maso amalekezera. Ednah sanaone zimenezo. Anagoneka njinga pa udzu, nagwada, akupuma ngati wathamangitsidwa.

Ena ankafika mmodzimmodzi, ena akukankha. Womaliza atafika pamodzi ndi galimoto ya kagulu, ba Inutu anasonkhanitsa onse. Potchula olowa m'timu, anayamba ndi anyamata awiri a ku Nkomeshya aja. Kenako anatchula Jordan ndi Eugene. Anthu anaomba m'manja.

Ednah anaimirira. Anayang'ana ba Inutu m'maso.

"Ba kochi, awiri apa sanakwere chitunda. Yawakweza ni lole ya malasha."

Kuomba m'manja kunaduka. Wina kumbuyo ananong'ona kuti mtsikanayu ndi wa pakamwa. Eugene anayang'ana nsapato zake.

"Boza," anatero Jordan. "Ni jelasi cabe, ba kochi. Tacisiya kumbuyo, manje cifuna kulila. Nindani anaona?"

"Ninaona ine," anatero Ednah. "Unaniitana kuti nigwire nane. Tulutsa dzanja lili m'thumba ilo."

Dzanja lamanja la Jordan linali m'thumba la kumbuyo kwa jezi chifikire. Ba Inutu anamuyandikira.

"Jordan, nionese manja."

Jordan anatulutsa lamanzere. Golovesi inali yoyera.

"Yonse yabili."

Anatulutsa linalo pang'onopang'ono. Golovesi inali bii, ndipo pakati pake panali mzere wa chingwe. Paphewa la jezi panali timadontho ta fumbi la malasha. Eugene sanadikire kufunsidwa. Anatambasula dzanja lake, misozi ili m'maso.

Ba Inutu sanakalipe. Analankhula motsitsa, moti onse anasendera pafupi kuti amve.

"Imwe babili, lelo mwapulumuka, ndiye muganiza kuti munacenjela. Ico ndiye coipa maningi. Munthu akagwila lole kamozi osagwa, amagwilanso, mpaka siku lake likwane. Mwanama kuli ine, mwabela banzanu malo, elo munafuna kudonsela na wina mu ngozi yanu. Njinga yodula siikwela phili yeka. Makolo banu banakugulilani zonse, koma mendo sibangakugulileni. Mu timu yanga simungena. Njinga zanu zikwela motoka, cifukwa sinimukulupililani pa msewu woseluka. Nizapita neka kukauza makolo banu cifukwa cake."

Kenako anatchula dzina la Ednah Njobvu pa malo achitatu, ndi la mnyamata wina amene anafika pambuyo pake pa malo achinayi. Ena anaomba m'manja, ena ayi. Podutsa kupita ku galimoto, Jordan anamuyandikira Ednah.

"Uzaniziba, iwe ka tomato," anatero chapansipansi.

"Nakudziwa kale," anayankha Ednah.

Anthu atabalalika kukamwa madzi, Ednah anakhala pa mwala, natulutsa mbatata zija. Zinali zitaphwanyika m'thumba, koma anazidya ndi makoko omwe. Ba Inutu anabwera, nawerama pa njinga yofiira, akuisisita ndi chala.

"Iyi njinga niiziba," anatero. "Ni ya Mervin. Tenze kucova naye masiku yaja. Ndiwe mulongosi wake?"

"Inde, ba kochi."

"Nanga batate bako bavomela kuti ubwele pa cino citunda?"

Ednah anameza mbatata. "Anakana."

"Manje wabwela bwanji?"

"Ninawauza kuti nizabwera. Sininabisale."

Ba Inutu anakhala pa mwala womwewo, napuma mozama.

"Mvela, Ednah. Pa lole wacita bwino, elo pa kukamba zoona wacita bwino. Koma usaganize kuti cifukwa unabauza, ndiye kuti banakuvomeleza. Kuuza na kupempa ni vosiyana. Baja batate banaona camene iwe ukalibe kuona. Ine nikanaziba, sembe sininakulole kunyamuka pa mulato. Nanga sembe wagwa, nikanabauza cani? Timu siili ya Cibelu cimozi cabe monga lelo. Ni kuuka m'mawa masiku yonse, ni maulendo, ni kugona kutali. Ivo vonse sungacite na nkondo ku nyumba. Ine sinitenga mwana wa munthu kumbuyo kwa makolo bake. Malo yako nizayasunga pang'ono. Ngati batate bako sibavomela na pakamwa pao, nizapasa wina."

"Malo nawapeza na miyendo yanga," anatero Ednah.

"Zoona. Manje yasala kuyapeza na pakamwa, elo na ulemu. Ico citunda ni cikulu kucila ici. Nyamuka. Nizakupelekeza, nikakambe nabo."

6. Pabwalo

Anatsika phirilo pang'onopang'ono, Ednah patsogolo, njinga yamoto pambuyo. Anadutsanso nkhalango ija dzuwa litakwera, mithunzi itabwerera pansi pa mitengo. Pa Chongwe ba Inutu anabalalitsa ena onse, ndipo awiriwo analowa msewu wafumbi wa ku Kanakantapa.

Ali patali Ednah anaona kuti pakhomo pali zachilendo. Pansi pa mtengo wa mango panalibe njinga yotembenuzidwa. Mervin anakhala pa benchi lake, manja atapinda, zitsulo zake zili m'bokosi. Pabwalo panaima galimoto yotuwa, yodzaza mabelo a zovala za salaula mpaka pa denga, injini ikulira.

Ednah anaidziwa galimotoyo. Inali ya anti ake, a Clarissa, mlongo wawo wa atate ake, amene ankakhala ku Katete ndipo ankabwera ku Lusaka kudzagula katundu wa m'sitolo yawo. Chitseko chakumbuyo chinali chotsegula. Pa mpando, pakati pa mabelo, panali chikwama cha Ednah cha zovala. Pamwamba pake panali nsapato zake za kusukulu, zomangidwa pamodzi ndi zingwe zake.

A Njobvu anakhala pa mpando pakhonde, akadali ndi zovala za kumsika. A Rosaria anaima kumbuyo kwawo, maso ali ofiira.

Ednah anatsika, natsamiritsa njinga ku mtengo. Anavula chisoti, nagwada patali pang'ono.

"Nabwera, Atate."

"Naona," anatero a Njobvu. "Amai ako ananiuza pa foni. Nakumana na anti ako kumsika, takambirana. Samba, udye. Upita nao ku Katete lero. Sukulu ukapitiriza kumeneko. Kulibe makochi kuja."

"Fulumira, mwana wanga," anatero a Clarissa ali pa chiwongolero. "Nifuna kuoloka Luangwa kukali koyera."

Ednah anaimirira. Anayenda kupita ku galimoto, onse akumuyang'ana. Anatulutsa chikwama chija pamodzi ndi nsapato, nachinyamula mpaka pakati pa bwalo. Anachiika pansi, nakhalapo.

"Atate, ninalakwa kupita mutakana. Chilango chilichonse cha pano nizalandira. Koma ku Katete sinipita musanamve zimene zachitika pa chitunda."

Ba Inutu anazimitsa njinga yamoto, navula chisoti chawo, naomba m'manja mwaulemu.

"Odi, ba Njobvu. Ndine Inutu, kochi wa bana aba. Sininabwele kumulandani mwana. Nipempako cabe kukamba naimwe pang'ono."

A Njobvu anayang'ana mlendoyo, nayang'ana chipsera cha pamkono pake. Anayang'ana mwana wawo atakhala pa chikwama, fumbi lili mpaka m'tsitsi. Injini ya galimoto inkangolirabe.

"Amake Mervin, apatseni mpando alendo," anatero potsiriza. Kenako anatembenukira ku galimoto. "Iwe Clarissa, usazimitse injini."